Mpira Wochokera kwa Amalume

Mwana wanga wamkazi anandiuza kuti wapeza mwamuna ine nditangovula nsapato za kuntchito, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda. Ndine namwino pachipatala china cha pakati pa mzinda wa Indianapolis, ndipo ndikafika kunyumba ku Lawrence sindifuna nkhani zolemera ndisanapume. Iye amadziwa zimenezi. Anasankha dala nthawi imeneyo podziwa kuti sindingamuthamangitse ndi mapazi onyowa.

Mnyamatayo ndinkamudziwa kale. Ndi mzungu wamtali, wamanyazi, mphunzitsi wa ana a pulaimale, amene ankabwera kwathu n'kudya chilichonse chimene wapatsidwa, ngakhale therere limene ana anga obadwira kuno amalithawa. Ndinalibe naye chifukwa. Bambo ake a mwana anangomwetulira n'kunena kuti, "Nkhaniyi eni ake alipo." Sanalakwe. Kwathu ku Dedza mwana sakwatitsidwa ndi bambo ake. Mwini mbumba ndi mlongo wa mayi ake, ndipo mlongo wanga wamkulu ali konkuno ku Indiana, ku South Bend, kumene wakhala zaka zambiri kuposa ine.

Achimwene angawa ndi munthu amene Amereka inawalephera. Amayendetsa basi ya mumzinda, Chingerezi amachithyola bwinobwino, sinowo amamufosholera ngati anabadwira momwemo, koma pa mwambo sanasiyepo ngakhale kachidutswa. Unkhoswe wa mwana wanga anayamba kuudikira mwanayo akadali kumsana. Akamatsuka mbale mwaulesi ankamuopseza kuti, "Iwe, ine ndi amene ndidzakuyankhulire. Usandichititse manyazi."

Nditawaimbira foni anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa kuti, "Kwawo n'kuti?"

"Ndi wa konkuno, achimwene. Anakulira ku South Bend komweko."

"Sindikufunsa adiresi, chemwali. Anthu ake ndani? Nkhoswe yake ndani? Mawa akayambana ine ndikadandaula kwa yani, kupolisi?"

Ndinawauza zimene ndinkadziwa, ndipo sizinali zambiri. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, bambo ake anachoka kalekale osaonekanso, ndipo analibe mkulu kapena mng'ono. Anamulera ndi mdala wina wochokera ku Australia, wodwaladwala, wosakonda anthu, amene mnyamatayo ankangoti ndi ankolo ake.

"Ankolo?" achimwene anaseka kuseka kosasangalatsa. "Kuno aliyense ndi ankolo, ngakhale wokonza mapaipi. Munthu wopanda kwawo sindingamupatse mwana. Mumuuze choncho."

Ndinamuuzadi, ndipo mwana wanga, amene Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi, anandiyankha mosakweza mawu. Anati ngati ankolo ake akana, iye ndi bwenzi lake apita kukhoti la m'tauni pa nthawi ya nkhomaliro, asaina, n'kubwerera kuntchito ali banja. Ukwati wa kwa DC, ngakhale kuno kulibe DC. Ndinamuyang'ana m'maso ndipo ndinaona kuti sakuopseza. Ndinkadziwanso achimwene anga: zikatero sadzapondanso pakhomo pake, ndipo ana amene adzabereke adzakula akuwamvera dzina lokha. Mitu iwiri youma mofanana, ine ndili pakati. Ndinkachita mantha, ndipo mantha akandigwira ndimakalipira aliyense amene ali pafupi, choncho mwezi umenewo mwamuna wanga anaona zakuda.

Loweruka lina mwanayo anandikokera kupaki kuti ndikaone bwenzi lake likusewera mpira wa kwawo kwa mdala uja. Ndinapita monyinyirika. Zimene ndinaona kumeneko poyamba ndinkayesa ndewu imene wina waiponyera mpira pakati. Mpirawo ndi wosongoka mbali zonse ngati papaya. Amuna akuluakulu ovala timakabudula ndi malaya opanda manja amaumenya ndi chibakera, kuuthamangitsa, kukwerana pamsana kuti auwakhe m'mwamba, ndipo mbali iliyonse ya bwalo kuli mitengo inayi m'malo mwa golo. Koma ndinaona chinthu chimodzi. Anzake onse akafuna kuumenya ndi mwendo ankaumenya usanafike pansi, pamene mnyamata wathu ankausiya ugunde kaye pansi n'kuukumaniza ndi phazi nthawi yomweyo, ndipo unkapita kutali kuposa wa wina aliyense. Mayi wina amene anaima pafupi nane anati kamenyedwe kameneko kanatha kalekale ngakhale ku Australia komweko, amangokaona pa mafilimu akale.

Achimwene ndinawanyengerera milungu ingapo. Ndinawakumbutsa mwambi wawo womwe, woti safunsa anadya phula. Potsiriza anavomera, koma anati, "Tikupita kukaona, osati kukakambirana. Musakandiputse."

Tinanyamuka Lamlungu titaweruka kutchalitchi, ine ndi ana awiriwo, nyengo imene masamba amafiira ndipo chimanga chauma m'minda mbali zonse za msewu wopita kumpoto. Tinakawatenga achimwene kwawo. Nyumba ya mdalayo inali yaing'ono, ya matabwa, pafupi ndi msewu umene basi ya achimwene imadutsa tsiku ndi tsiku. Anatitsegulira yekha, munthu wowonda ngati bango, kapaipi ka mpweya kali m'mphuno, akukoka botolo lake la okosijeni pa timatayala. Kale ankagwira ntchito yowotcherera zitsulo, ndipo manja ake ankachitira umboni. Sanatifunse za ulendo, sanatifunse za kunyumba. Anangoti khalani paliponse, n'kupita kukatereka ketulo. Achimwene anandiyang'ana ndi diso lija lotanthauza kuti ndinanena ine.

Tiyi wake anali wakuda ngati mankhwala, ndipo Chingerezi chake chinkatuluka m'mano otseka moti ndinkachita kutchera khutu. Nkhani inkakana kuyenda. Pakhoma panali chithunzi chimodzi chokha, chakale, chofiirira, cha gulu la amuna a ndevu za pamlomo wam'mwamba, ovala zipewa, mathalauza aatali ndi malaya omanga ndi zingwe pachifuwa. Kumbuyo kwawo kunali mitengo imene ndinaizindikira nthawi yomweyo.

"Mabulugamu!" ndinatero. "Ngati a kusukulu kwathu."

"Mitengo imeneyo ndi yathu," anatero mdalayo. "Inu munachita kutibwereka."

Achimwene anafwenthera chapansipansi, koma anaimirira n'kuyandikira chithunzicho. Iwo mpira amaukonda, wozungulira uja, ndipo gulu la amuna ofola choncho sangalilambalale. Anafunsa kuti awa ndi ndani. Mdalayo analoza munthu wa kumapeto, wamapewa aakulu, amene anapinda manja pachifuwa osamwetulira. Zimene anatiuza sanazinene ngati nthano. Ankayankha funso limodzi n'kukhala chete, kupuma, mpaka achimwene afunsenso lina. Ine pano ndikungozilumikiza.

Munthu uja ankawotcha njerwa m'tauni ina ya migodi ya golide kumtunda kwa Melbourne, nthawi imene masewerawo anali akadali aang'ono, malamulo ake anthu akukanganabe. Loweruka ankagwira ntchito mpaka masana, kenako n'kuyenda wapansi kupita kubwalo, fumbi la njerwa likadali m'tsitsi. Nsapato zosewerera zinali zomwezo za kuntchito, atangozikhomera tizikopa kunsi kuti zisaterereke. Masiku amenewo kunalibe wolowa m'malo mwa mnzake. Ukavulala unkasankha wekha, kupitiriza kapena kusiya anzako operewera, ndipo iye zala zake zonse zinathyokapo n'kupola zokhota chifukwa sanatulukepo m'bwalo. Koma chimene anthu ankakwerera sitima kuchokera m'matauni ena kudzaona chinali mwendo wake. Akaugwetsa mpira pansi n'kuukumaniza ndi phazi, anthu ankatembenuza makosi ngati akuonera mbalame.

Timu ina yaikulu ya ku Melbourne inamuitana, n'kumupezeranso ntchito yopepuka mumzindamo. Kumeneko anthu ankadzaza bwalo mpaka ena kukwera m'mitengo ndi pamadenga. Anapeza mtsikana, anagwirizana za ukwati. Zonse zinkamuyendera, mpaka tsiku limene uthenga unafika woti mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake, wamwalira ndi chifuwa cha fumbi la mumgodi, ndipo wasiya ana ang'onoang'ono ndi mkazi woyembekezera.

Apa ine ndi achimwene tinayang'anana. Chifuwa chimenecho tinakula tikuchimva m'mudzi mwathu, kwa amuna amene anabwerako ku Joni ndi wailesi, njinga ndi mapapo otha. Sindinkadziwa kuti azungu nawonso chinawatha.

Munthu uja anakwera sitima sabata yomweyo, masewero aakulu a chaka atatsala pang'ono, n'kubwerera ku uvuni wake wa njerwa. Akuluakulu a timu anamulondola kudzamupempha. Iye anawapatsa tiyi n'kuwaperekeza kusiteshoni. Anabweranso, anawapatsanso tiyi. Mtsikana uja sanafune kukakhala m'tauni ya fumbi ndi ana a eni ake, ndipo anakwatiwa ndi wina. Iye sanakwatire mpaka imfa. Analera ana a mlongo wakewo onse mpaka anakula, ndipo wotsiriza, uja anali m'mimba, ndi amene anadzakhala mayi ake a mdala amene ankatiuza zimenezi.

"Dikirani kaye," anatero achimwene. "Ndiye kuti ameneyu si agogo anu?"

"Ayi. Sanabereke mwana."

"Ndi mlongo wa agogo anu aakazi."

"Eya."

Achimwene anakhala pansi, koma tsopano anakhalira kumapeto kwa mpando. Anafunsa ngati mdalayo anamuonapo munthuyo ndi maso. Anati anamupeza ali nkhalamba yakhungu, yokhala pakhonde tsiku lonse. Ana akabwera ankawagwira manja n'kumapapasa zala zawo ndi zake zokhotazo, kenako n'kuwapatsa mpira kuti akamenye pabwalo la kuseri. Iye sankaona kumene wapita. Ankangomvera. Mpira ukagunda pansi kenako phazi n'kuupeza mochedwa, pamamveka kugunda kuwiri, ndipo nkhalambayo inkapukusa mutu. Pakamveka kugunda kumodzi kokha, nthaka ndi phazi pamodzi, inkati basi, umenewo wapita.

 Ndinamuona m'maganizo munthu amene mzinda wonse unkamukuwira, atakhala mumdima wake pakhonde la m'tauni ya fumbi, akuweruza ana ndi khutu. Ndagwira ntchito pakati pa okalamba zaka zambiri, ndipo ndamva ambiri akudandaula zimene anasiya. Ndinafunsa ngati iye ankadandaula. Mdalayo anaganiza kaye n'kunena kuti za ku Melbourne sanamumvepo akuzitchula, anachita kuuzidwa ndi anthu ena pamaliro ake.

"Nanga inuyo anakuphunzitsani ndani?" achimwene anafunsa. "Bambo anu?"

"Bambo anali munthu wabwino, koma ankakonda mahatchi. Anandiphunzitsa ndi mchimwene wa amayi."

"Iyeyo anaphunzira kwa yani?"

Mdalayo analoza chithunzi chija ndi chibwano.

"Nanga uyu?" Achimwene analoza mnyamata wathu, amene nthawi yonseyi anali chete pakona, atagwira dzanja la mwana wanga mobisa ngati sitikuona.

"Akanamuphunzitsa ndani wina?"

"Mayi ake anali ndani wanu?"

"Mlongo wanga wamng'ono." Anapuma kaye. Anati mlongo wakeyo anamutsatira kuno ku Amereka, ndipo atamwalira iye anapita kuchipatala n'kumutenga mwanayo kubwera naye m'nyumba yomweyi. Panalibe zokambirana. Ankafuna kudzabwerera kwawo akapuma pantchito, koma mwana anali pasukulu, kenako kukoleji, kenako mapapo anayamba kuvuta. Anazinena ngati akufotokoza za kuwonongeka kwa galimoto.

Achimwene anatembenukira kwa ine, maso ali tong'o, n'kunena m'Chichewa kuti, "Chemwali, mwamva? Awatu ndi Achewa awa. Angosiyana nafe khungu."

Mwana wanga anaseka mosadzigwira, ndipo anachita kuwamasulira enawo. Mdalayo sanaone chodabwitsa. Anati sanaganizepo kuti ndi mwambo, zinkangochitika choncho. Achimwene anati mwambo weniweni ndi umenewo, umene eni ake saudziwa n'komwe kuti ndi mwambo. Ndiye pofuna kubisa kuti nkhaniyo yawakhudza, anayamba zachipongwe. Anati zonsezo ndi zabwino, koma mpira wosazungulira si mpira, ndipo chinthu chosongoka choncho sichingapite kumene munthu akufuna.

Mdalayo anamuuza mnyamata uja kuti akatenge mpira.

Ine ndinakana. Ndinati ndine namwino, milomo yanu ndikuiona mtundu wake, simutuluka panja pozizira pano. Anandiyankha kuti madokotala ake ndi ambiri kale. Tinatuluka tonse kuseri, kumene mpanda wake umachita malire ndi bwalo lalikulu la udzu la sukulu ina. Ankayenda pang'onopang'ono, akupumira panjira, ndipo ine ndinkamutsatira ndikung'ung'udza. Atafika pa udzu anavula kapaipi kaja n'kundipatsa ine kuti ndigwire, ngati munthu wopatsira mnzake chipewa.

Anautembenuza mpirawo m'manja mpaka unakhala mmene ankafunira. Msana umene unali wopindika unawongoka. Anaponda kutsogolo pang'ono, osathamanga, n'kuusiya ugwe.

Ndinamva kugunda kumodzi.

Mpira uja unanyamuka ngati pali wina wauitana. Unakwera ukuzungulira chammbuyo mwadongosolo, osagwedera, kudutsa pamwamba pa mawaya a magetsi, n'kumapitabe pamene ine ndinkayesa kuti uyamba kutsika, mpaka unakagwera kufupi ndi mpanda wa tsidya lina. Sindidziwa kuyeza mitunda ya mpira. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu amene mphindi zochepa m'mbuyomo ankalephera kunyamula ketulo ndi amene anachita zimenezo, ndipo sanagwiritse ntchito mphamvu chifukwa analibe. Ndinazizwa mpaka ndinaiwala ntchito yanga. Ndinaima kukamwa kuli yasa, mpweya wa munthu uli m'manja mwanga ukungopita pachabe, ndikuganiza kuti chimene ndaonachi chinachokera pa uvuni wa njerwa zaka zoposa zana zapitazo, chinawoloka nyanja, chikuyenda kuchoka kwa malume kupita kwa mphwake osatayika panjira. Mwana wanga ndi amene anandigwedeza kuti amayi, paipi. Mdalayo anali atatsamira mphwake, nkhope ili mbuu, koma akuyang'ana achimwene.

Achimwene anavula chipewa. 

Titabwerera m'nyumba, mdalayo atapezako mpweya, achimwene amene anati sitikupita kukakambirana anayamba okha kukambirana. Anafotokoza bwinobwino kuti nkhoswe ndi ndani: munthu amene amaimira mbali yake pa tsiku la chinkhoswe, komanso amene amakhalapo moyo wonse wa banjalo, kukadwalika, kukagwa maliro, awiriwo akayambana. Anati iwo adzaimira mtsikana, ndipo akupempha kuti bambowo aimire mnyamata. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati zatheka.

Mdalayo anakana.

Anati madokotala amuuza kuti chilimwe chikubwerachi sachiona. Anati tsiku limodzi akhoza kukhala pampando n'kuvala tayi, koma zimene achimwene afotokoza si za tsiku limodzi. "Inu mukufuna munthu amene adzakhalepo," anatero. "Ine sindidzakhalapo. Sindilonjeza chinthu chimene sindingachinyamule."

 Mnyamatayo anazolika, chifukwa ankadziwa kale. Mwana wanga misozi inali chuchuchu. Ine ndinakwiya, ndipo sindinkadziwa wokwiyira: mdala wokana kunama ngakhale bodza laling'ono lothandiza ana, kapena achimwene amene lamulo lawo linali litawatsekera okha pakhomo. Achimwene anangoti, "Ndamva," n'kuimirira. Tinakawatsitsa kwawo, ndipo ulendo wobwerera ku Indianapolis unatalika kuposa masiku onse.

Panapita milungu. Ndikaimba foni ankayankha za nyengo. Mwana wanga anakatenga tsiku kukhoti n'kundiuza kuti ngati ndikufuna ndidzakhale mboni. Ndinayamba kuzolowera maganizo oti banja lathu lang'ambika ndipo ine ndidzakhala woyenda pakati ndi mauthenga. Kenako m'mawa wina ndili pa shifiti foni inalira.

"Chemwali, mubukitse holo ya kutchalitchi kuno. Musadileye, kuzizira kusanafike poipa. Ndipo mumuimbire foni mng'ono wathu ku Chicago, mumuuze abwere ndi suti."

"Nanga nkhoswe ya kuchimuna, achimwene?"

"Ine ndati mubukitse holo."

Alamu anga, akazi awo, ndi amene ananditsina khutu kuti masiku onsewo achimwene akaweruka sankabwera msanga kunyumba. Ankapaka basi, n'kupita kwa mdala uja. Zimene ankakambirana sindikuzidziwa mpaka lero. Alamu anati tsiku lina anabwera akutsimphina, nsapato ili ndi matope, ndipo atawafunsa anati anapunthwa.

Tsiku la chinkhoswe holo inadzaza. Amalawi a ku South Bend sasowa pa zinthu zotere, ndipo a ku Indianapolis tinabwera magalimoto ondondozana. Mbali yathu ya kuchikazi mipando inaperewera, amayi atavala chitenje chofanana, ana akuthamangathamanga n'kumakalipiridwa m'zinenero ziwiri. Mbali ya kuchimuna kunali anyamata ochepa a timu ija, ovala majekete obwereka owathina m'mapewa, ndi mipando yopanda anthu. Nkhuku zamoyo tinakagula kwa alimi a ngolo za mahatchi a kunja kwa mzinda, ndipo yathu yaikazi inali m'katoni pansi pa tebulo ikudandaula. Achimwene sindinkawaona, koma ndinkati ali panja ndi zokonzekera.

Woyendetsa mwambo ataitana nkhoswe ya kuchikazi, amene anaimirira ndi mng'ono wathu wa ku Chicago, chitsiriza cha amayi athu, akuoneka ngati mwana woitanidwa ku ofesi ya ahedi. Ndinamukoka jekete. "Iwe, ukutani? Khala pansi, achimwene akubwera." Anandiyankha chonong'ona kuti wauzidwa kutero.

Ataitana nkhoswe ya kuchimuna, chitseko cha kumbuyo chinatseguka. Achimwene analowa akukankha wilutcheya ya mdala uja ndi dzanja limodzi, tambala ali kukhwapa kwinaku. Anadutsa pakati pa holo, osayang'ana mbali yathu, n'kukaima kutsogolo kwa mipando yopanda anthu ija.

Anthu anayamba kunong'onezana. Mayi wina wachikulire amene amadziwa mwambo kuposa tonse ananena mokweza kuti, "Zimenezi ndiye ziti? Malume wa mkazi kukhala kuchimuna?"

Achimwene anapempha maikolofoni. Anayankhula m'Chichewa, pang'onopang'ono, mwana wina akumasulira mdalayo kukhutu. "Amayi, mwafunsa bwino. Mwana wa mlongo wanga ali ndi anthu, taonani holo yonseyi. Ine ndikachokapo pamalo panga, wina akhalapo lero lomwe. Mnyamata uyu ali ndi munthu mmodzi, ndipo munthuyo ali paulendo. Kwawo kwa bambowa mwana wa mlongo satayidwa, anayamba kale agogo athu asanaone njanji. Ndiye mbumba yawo andisiyira ine, ndipo ndavomera. Kuyambira lero mnyamatayu akalakwa, mudzabwere kwa ine. Akalakwiridwa, ndidzabwera ndine kwa inu, ndipo musadzayembekezere kuti ndidzakukomerani mtima chifukwa ndinu abale anga."

Ndinamvetsa zimene ataya, ndipo zinandilasa. Mpando umene anaudikira kuyambira mwanayo ali wakhanda anaupereka kwa mng'ono wawo amene anachita kumuphunzitsa kumanga tayi. Mwana amene ankati adzamuyankhulira, tsopano pa mlandu uliwonse adzakhala tsidya lina. Ndinkawadziwa ngati munthu wosagonja, ndipo ndinali nditawanena zambiri mumtima mwezi wonsewo. Tsikulo ndinawaopa monga mmene munthu amaopera chinthu chachikulu chimene wakhala nacho pafupi osachidziwa.

Anayenda mpaka pamene panali mng'ono wathu. Maondo awo ndi ovuta, a munthu wokhalira kuponda mabuleki, koma anagwada mpaka pansi, anapereka tambala ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Tabwera kudzapempha mwana wanu." Mng'ono wathu anatambasula manja. Anangolandira tambalayo akulira, tambala naye akukupiza mapiko kumaso kwake. Mayi wachikulire uja ndi amene anayambitsa nthungululu, ndipo holo yonse inatsatira mpaka anyamata a timu aja anadzidzimuka. Mwana wanga anatuluka m'chitenje chimene anamufunditsa nthawi yake isanakwane, n'kukagwada pambali pa ankolo ake, ndipo panalibe amene anamudzudzula.

Chakudya chitayamba kugawidwa ndinapita kukaona botolo la mdala uja, chifukwa unamwino suvulidwa ngati yunifolomu. Anali atatopa kwambiri, tayi itapendekeka. Anandikodola kuti ndiweramire pafupi.

"Zambiri sindinazimve," anatero. "Zatheka? Mwanayu ali ndi anthu tsopano?"

"Ali nawo, bambo."

"Enieni? Oti sadzamusiya?"

"Ngakhale atafuna kuwathawa sangathe."

Anatseka maso kwa kanthawi, n'kugwedeza mutu. "Ndiye ndiperekezeni kunyumba. Ndatopa."

Achimwene anali atangolandira mbale yawo. Anaiika patebulo osalawako, anamufunditsa mdalayo bulangete m'miyendo, n'kumukankha kutuluka naye panja.